Manja Amene Anatilera

Paliponse pamene akulu akhala pansi masiku ano, kaya ndi pamaliro, kaya kuchigayo, kaya pansi pa mtengo podikira basi, nkhani ya ana siichedwa kutuluka. Wina amati ana amakono alibe mwambo. Wina amati sukulu ndiyo yawaononga, ndipo wina amaloza foni ya m'manja. Anawo nawonso ali ndi yankho lawo, amati tsobola wakale sawawa. Ine ndamva mbali zonse ziwiri, pakuti ndinabadwa dziko lino lisanalandire ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, ndinalera ana anga, ndipo tsopano ndilikuona adzukulu akukula.

Chimene ndaona pa mibadwo itatu imeneyi ndi ichi. Mwana wa lero amalira, amaseka, amanama ndi kufunsa mafunso monga momwe tinali kuchitira ife. Koma anthu omulera achepa. Kale mwana mmodzi anali ndi alezi ambiri, ndipo aliyense anali ndi ntchito yakeyake imene mnzake sanali kuigwira. Lero ntchito zonsezo zaunjikana pa anthu awiri, ndipo m'nyumba zambiri zili pa munthu mmodzi. Tisanaweruze ana athu, tiyeni tiyambe taona mmene ntchitoyo inagawidwira, chimene chinaibalalitsa, ndi mbali yake imene yatsala yopanda mwini.

Mmene ntchito inagawidwira kale

Ndinakulira m'mudzi wa kwawo kwa amayi anga, m'boma la Dowa. Kwathu ukwati unali wa chikamwini, ndiye kuti mwamuna ndiye anali kusamuka kukamanga nyumba kwa mkazi. Chotero nyumba ya amayi anga, nyumba za amayi aakulu ndi amayi aang'ono, ndiponso nyumba ya agogo, zonse zinali pabwalo limodzi. Ana a m'nyumba zonsezo tinali abale ndi alongo. Khanda likalira, mkazi aliyense wokhala pafupi anali kulinyamula, osayamba wafunsa kuti ndi la yani.

Pa zaka zoyamba ntchito yaikulu inali ya amayi. Mwana akabadwa, iye ndi amake anali kukhala m'chikuta kufikira mchombo utagwa, ndipo amayi achikulire ndiwo anali kuwasamala. Kuchokera apo mwana anali kukhala kumsana ndi kubere zaka 2 kapena 3. Kutumbiza, ndiko kutenga pakati mwana wina asanaleke kuyamwa, chinali chinthu chamanyazi, ndipo akulu anali kudzudzula mwamuna ndi mkazi yemwe. Mwana akaleka kuyamwa, makamaka mng'ono wake akabadwa, anali kusamukira kwa agogo.

Kwa agogo mwana anali womasuka. Agogo aakazi anali kunditcha mwamuna wawo, namandiseka kuti ndine mwamuna waulesi wosawagulira nsalu. Agogo aamuna nawo anali kutcha mlongo wanga mkazi wawo. Nthabwala zimenezi zinali ndi ntchito yake, pakuti zinali kuchotsa mantha. Chinthu chimene mwana sakanatha kunena pamaso pa atate wake, anali kuchinena kwa agogo akuseka. Madzulo a m'chilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe, agogo anali kutisimbira nthano ndi kutiponyera zilape. Kalulu, fisi ndi kamba anatiphunzitsa za kuchenjera, umbombo ndi kufatsa, popanda wotikalipira.

Titafika zaka 7 kapena 8, ife anyamata tinapita kukagona ku mphala, kumene ena amati gowelo, ndipo atsikana anatsala ku kuka kwa agogo aakazi. Ku mphala wamkulu anali kulamula wamng'ono. Kumeneko tinaphunzira kutchera misampha, kukumba mbewa, kuweta mbuzi ndi kupota chingwe cha luzi. Titasinkhuka, amuna a m'mudzi anatisonyeza kusema mpini, kuluka nkhokwe ndi kufolera nyumba. Alongo athu anali ndi sukulu yawo pamtondo ndi kudambo. Anaphunzira kusinja, kupeta, kuzira nyumba ndi kufutsa ndiwo, ndipo makutu awo anali kutola zimene amayi anali kukambirana ndi kuimba posinja.

Panalinso masanje. Chimanga chitakololedwa, ana tinali kupita m'minda kukakunkha zotsalira, ndi kumanga timisasa kunja kwa mudzi. Kumeneko tinali kukhala tsiku lonse monga mudzi weniweni, wokhala ndi mfumu yake ndi mabanja ake. Atsikana anali kuphika m'timiphika, anyamata tinali kubwera ndi mbewa kapena ziwala, ndipo ena anali kusanduka afisi oba chakudya. Akulu anali kungopenyera patali. Mtsikana wophika nsima yosapsa anali kusekedwa ndi anzake, ndipo mawa lake anali kusamala. Mnyamata wobwera chimanjamanja anali kumva mawu amene sanafune kuwamvanso.

Chakudya chamadzulo chinali cha chidyerano. Nyumba iliyonse inali kutumiza nsima ndi ndiwo pabwalo pamene amuna ndi anyamata anali kudyera pamodzi, ndipo akazi ndi atsikana anali kudya paokha. Pa mbale imeneyo mwana anaphunzira kudikira wamkulu kuti ayambe kusamba m'manja, kusathamangira nyama, ndi kusanyamuka ena asanathe. Mwana wamasiye, kapena amene kwawo sikunaphikidwe, anali kudya monga wina aliyense, ndipo panalibe womuwerengera mbamu. Munthu wamkulu aliyense pabwalopo anali ndi mphamvu yodzudzula mwana aliyense, pakuti onse anali kudziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Atate anali kulima, kumanga nyumba, kutiveka ndi kukhoma msonkho. Koma mwini mbumba anali atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Mwana akalekerera mbuzi kudya chimanga cha eni, atsibweni ndiwo anali kupita kubwalo kukalankhula ndi kulipira. Mwana akadwala kwambiri, akafuna ukwati, kapena akafuna kupita kutali, mawu omaliza anali a atsibweni. Ndalama ya sukulu imene inandilowetsa m'kalasi inachokera ku fodya wa atsibweni anga.

Ntchito yomaliza inali ya alangizi. Mtsikana akatha msinkhu sanali kuuza amake. Anali kupita kwa agogo kapena kwa mayi wina wachikulire, ndipo iwowo anali kuitana anamkungwi kudzamlanga. Anyamata a m'mabanja a Gule Wamkulu anali kulangidwa kudambwe, ndipo a m'mabanja a Chikhristu anali ndi chilangizo cha mpingo. Pakati pa kholo ndi mwana wotha msinkhu panali manyazi aakulu. Mwana wotere sanali kulowa kuchipinda kwa makolo ake, ndipo mtsikana polankhula ndi atate wake anali kugwada chapatali. Kholo silinali kutchula za thupi, za chibwenzi kapena za ukwati kwa mwana wake. Manyazi amenewa sanali kupweteka mwana, chifukwa panali anthu ena oikidwa kuti anene zimene kholo silinganene.

Zowawa za kale tisaziiwale

Munthu akamakalamba amakumbukira mwezi wowala ndi chitelera, naiwala misozi. Amayi anga anabereka ana 9, koma tinakula 5. Enawo anatengedwa ndi chikuku, malungo ndi kutsegula m'mimba, ndipo pamudzi panalibe amene anadabwa, pakuti nyumba zambiri zinali chimodzimodzi. Maina monga Maliro ndi Misozi anali kunena zimene makolo anaona. Ngakhale m'chaka cha 1992, kafukufuku wa boma anapeza kuti pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, ana 234 anali kumwalira asanakwanitse zaka 5. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti nambalayo yatsika kufika pa 63. Katemera, sikelo ya ana, masikito ndi madzi a pamjigo zapulumutsa ana amene kale tikanawaika m'manda. Nthomba, imene inasiya zipsera pankhope za akulu ambiri a ubwana wanga, inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse lapansi m'chaka cha 1980. M'zaka zomwezo mabanja anayamba kuchepa: mu 1992 mayi mmodzi anali kubereka ana pafupifupi 7, koma pofika 2016 anali kubereka 4 kapena 5.

Panalinso zowawa zina. Mkwapulo unali pafupi nthawi zonse, ndipo si nthawi zonse pamene unali kugwa pa wolakwa. Mawu a mwana analibe kulemera pabwalo. Mwana wozunzidwa ndi mbale wake wamkulu kawirikawiri anali kuuzidwa kuti akhale chete kuti mtundu usachite manyazi. Atsikana ambiri anali kulowa m'banja atangotuluka m'chinamwali, matupi awo asanakhwime, ndipo ena anafa pobereka. Ndalama ya sukulu ikachepa, inali kupita kwa mnyamata. Mlongo wanga anali wanzeru kuposa ine pa masamu, koma anasiyira m'kalasi yachiwiri kuti azilera mng'ono wathu. Ambiri mwa inu amene mulikuphunzira kuwerenga mutakula mukuidziwa nkhani imeneyi, chifukwa ndi yanu. Choncho sindinena kuti tibwerere kale. Ndingofuna kuti tione chimene chinagwa m'njira pamene tinali kusamuka.

Zimene zinabalalitsa alezi

Choyamba chinali ulendo wa amuna. Pofuna ndalama ya msonkho ndi ya nsalu, amuna ambiri analembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ena ndi Mthandizi kupita ku minda ya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ena sanabwerenso, ndipo tinali kuwatcha machona. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974 ndi kupha Amalawi 74, Dr. Banda anaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambanso pa dzina la TEBA, nitha mu 1988. Atate anga anakhala ku migodi zaka 2, koma ife sitinasowe wotilera, chifukwa atsibweni, agogo ndi bwalo zinalipo. Lero ulendo wa ku South Africa ukupitirira, ndipo tsopano amayinso amapita, koma mwana wotsala alibe bwalo lomulandira monga linalandira ife.

Chachiwiri ndi sukulu. Sukulu inatenga usana wa mwana, umene kale unali wa kubusa, wa pamtondo ndi wa masanje. Boma litachotsa malipiro a sukulu za pulayimale mu 1994, ana olembetsa anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1,900,000 kufika pafupifupi 3,000,000 m'chaka chimodzi. Limeneli linali dalitso lalikulu, makamaka kwa atsikana. Koma mphunzitsi wokhala ndi ana 100 m'kalasi imodzi sangadziwe mtima wa mwana aliyense. Sukulu inasinthanso mphamvu m'banja. Bambo wogula yunifolomu ndi kulipira sekondale anayamba kunena kuti ana ndi ake, ndipo atsibweni, pokhala ndi ana awoawo owalipirira, anabwerera m'mbuyo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linatsimikiza njira yomweyo, pakuti limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Lamuloli linateteza amasiye ambiri kwa achibale olanda katundu.

Chachitatu ndi kuchepa kwa malo. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4,000,000 m'dziko lino, ndipo wa 2018 anapeza anthu oposa 17,500,000. Munda umene unadyetsa agogo wagawidwa kwa ana ndi adzukulu kufikira watsala mizere yowerengeka. Chakudya chikayamba kugulidwa ndi ndalama, anthu amayamba kuwerenga pakamwa. Motero chidyerano chinazirala, ndipo nyumba iliyonse inayamba kudyera m'kati, chitseko chili chotseka. Achinyamata osowa munda anapita ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku maesiteti a fodya. M'tauni munthu amakhala pakati pa alendo. Wolemera amamanga mpanda wa njerwa, wosauka amachita lendi chipinda chimodzi, ndipo onse awiri alibe kuka kapena mphala.

Chachinayi ndi matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'dziko lino mu 1985. Matendawa anatenga anthu a msinkhu wapakati, ndiwo amayi, atate, atsibweni ndi azakhali. Kufikira pamene mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, midzi yambiri inali itatsala ndi nkhalamba ndi ana. Agogo anasenza katundu amene sitingathe kuwathokoza mokwanira. Koma taonani chimene chinatayika pamenepo. Gogo amene ayenera kufuna chakudya, kulipira sukulu ndi kukalipira mwana wochedwa kubwera, wasanduka kholo. Sangakhalenso gogo wa nthabwala uja amene mwana anali kumuululira zakukhosi.

Chachisanu ndi mawu ochokera kunja kwa mudzi. Ife tinali ndi wailesi imodzi pamudzi, ndipo tinali kumvera pamodzi ndi akulu. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo pambuyo pake foni zinafika m'manja mwa ana. Foni ili ndi zabwino zambiri, pakuti mayi ali ku Johannesburg amamva mawu a mwana wake ali ku Dowa. Komabe namkungwi wakale anali kusankhidwa ndi mudzi, anthu atayesa khalidwe lake. Amene amalankhula ndi mwana m'foni usiku sanasankhidwe ndi wina aliyense.

Alangizi anachoka, manyazi anatsala

Pa zonse zimene ndatchulazi, pali chinthu chimodzi chimene sichinasunthe, ndicho manyazi a pakati pa kholo ndi mwana. Banja linasamukira m'tauni, linasiya agogo, atsibweni ndi anamkungwi kumudzi, koma manyaziwo linawanyamula. Bambo wa lero amagula makope, amapita ndi mwana kuchipatala, ena amaberekanso khanda kumsana, chinthu chimene atate anga sakanachita. Koma mwana akatha msinkhu, bamboyo amakhala chete monga anakhalira atate ake, osazindikira kuti atate akewo anali ndi anthu owalankhulira.

Chaka china mdzukulu wanga wa zaka 13, amene amakhala m'tauni, anabwera kwathu pa tchuthi. Tsiku lina tilikuswa mtedza pakhonde, anayamba kuzungulira ndi mawu, kenaka anati, “Agogo, kodi munthu angadwale matenda oopsa osamva kupweteka?” Nditamfunsa bwino, ndinapeza kuti thupi lake linali litayamba kusintha monga limachitira kwa mnyamata aliyense. Mnzake wina anamuonetsa zinthu pafoni ndi kumuuza kuti zimenezo ndi zizindikiro za matenda. Mwanayo anasenza mantha amenewo miyezi yambiri, kufikira maphunziro ake anayamba kutsika. Ndinamfunsa kuti, “Bwanji sunawauze atate ako?” Iye anati, “Agogo, ndikanawayamba bwanji?” Pamene ndinakamba ndi atate ake, iwo anadabwa nati, “Bambo, ine ndimayesa zimenezi amaphunzira kusukulu.” Kusukulu amaphunziradi, koma palibe mnyamata angakweze dzanja pakati pa anzake 100 ndi kufunsa za thupi lake. Atate ndi mwana anali kugona m'nyumba imodzi, okondana ndithu, koma aliyense anali kudikira munthu wachitatu amene kunalibe.

Kwa mnyamata ameneyu mapeto anali kuseka. Kwa atsikana ambiri mapeto ake ndi olemera. Kafukufuku uja wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti pa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Zifukwa zake ndi zambiri, ndipo umphawi uli patsogolo. Koma ambiri mwa ana amenewa analibe wamkulu wowauza zoona nthawi isanathe. Ngakhale woyandikana naye nyumba amene anaona mwana alikusochera anangopenya, poopa kuyankhidwa kuti, “Mwanayu ndi wanu kodi?”

Za ufulu wa ana

Makolo ambiri amati ufulu umene unabwera mu 1994 ndiwo unatimanga manja. Ndi bwino kudziwa chimene malamulo amanena. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kuzunza mwana, kumtaya ndi kumkakamiza ukwati, ndipo lomwelo limanenanso kuti mwana ali ndi udindo wolemekeza makolo ndi akulu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo asathe kuvomereza ukwati wa mwana wosafika zaka zimenezo. Kuyambira 1993 mtsikana wobereka ali pasukulu amaloledwa kubwerera m'kalasi. Mafumu ena anagwira ntchito imeneyi ndi mphamvu, monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene inathetsa maukwati a ana mazana ambiri ndi kubwezera anawo kusukulu. Palibe lamulo loletsa kholo kulangiza mwana, kumpatsa ntchito yoyenera msinkhu wake, kapena kumkaniza choipa. Chimene chachotsedwa m'manja mwathu ndi nkhanza. Kholo limene linali kudalira mkwapulo wokha liyenera tsopano kuphunzira kulankhula, ndipo kulankhula kumafuna nthawi ndi kuleza mtima koposa kukwapula.

Chimene tingachite

Mphala ndi chidyerano sizidzabwerera monga zinalili. Koma ntchito zimene zinali kugwiridwa kumeneko zikufunikabe, ndipo tsopano tiyenera kuzigawa dala, pakuti sizidzigawanso zokha.

Poyamba, mwana aliyense wofika zaka 10 akhale ndi wamkulu mmodzi wokhulupirika amene si kholo lake. Angakhale agogo, azakhali, atsibweni, mlangizi wa kumpingo kapena wa kumzikiti, kapena mnansi wa makhalidwe odziwika. Musankheni mosamala, pakuti si wamkulu aliyense ali woyenera kukhala payekha ndi mwana. Mukamsankha, muuzeni poyera kuti mwampatsa ntchito imeneyi, ndipo muuzenso mwanayo kuti, “Chimene ukuchita nacho manyazi kwa ine, ukanene kwa uje.” Ngati agogo ali kutali, mwana apite kukacheza pa tchuthi, kapena mumpatse foni alankhule nawo inu mutatuluka panja. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ngati munthu wotere palibe, kholo lithyole manyazi. Mawu oyamba ndiwo olemera. Musadikire kuti mukhale pansi maso ndi maso monga pamlandu. Nkhani zotere zimatuluka bwino manja ali pa ntchito, potokosa chimanga, pochapa, kapena poyenda ulendo wa kumunda. Ndipo mwana akakuuzani kuti wamkulu wina wamchita choipa, mumvereni ndi kumkhulupirira, ngakhale wamkuluyo ali mbale wanu.

Kenaka gwirizanani ndi anansi anu. Mabanja 3 kapena 4 angathe kupangana kuti aliyense woona mwana wa mnzake pamalo oipa amdzudzule ndi mawu ndi kudziwitsa makolo ake, popanda kukwiyirana. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo m'nyumba mwanu idyani pamodzi kamodzi pa tsiku, wailesi ndi foni zitazimitsidwa, pakuti pa mbale ndi pamene mudzaona mwana amene wasiya kudya kapena wasiya kuseka.

Pomaliza ndinena kwa inu amene mwabwerera ku maphunziro tsitsi litayamba kuyera. Mwina mumachita manyazi kuti mwana wanu amawerenga msanga kuposa inu. Manyazi amenewo ataye­ni. Madzulo khalani naye pamphasa, iye ndi kope lake, inu ndi lanu. Mfunseni liwu limene lakuvutani, ndipo iye akakuthandizani, mumsimbire nthano imene agogo anu anakusimbirani, kapena mumuuze dzina la mudzi umene makolo anu anachokera. Tsopano mungathe kuwerenga nokha khadi la sikelo, kalata yochokera kwa aphunzitsi ndi zotsatira za mayeso, zimene kale munali kupempha ena kuti akuwerengereni. Mwana amene wazolowera kukhala pafupi ndi kholo lake pa nkhani ya zilembo, sadzavutika kuyamba nkhani ina yolemera tsiku limene idzamfikire.